Nsanja ya mapampu: zolemba za kutchinga zitsulo ndi mazinga poviika m'zinki

Lolemba: mapulani abwerako

Mapulani a nsanja abwerako kwa a injiniya ali ndi mizere yofiira yozungulira malo onse amene akufuna kuti zinki asagwirepo. Nsanjayi idzanyamula mapampu awiri ndi mamota ake. Mbali ina idzakhala ndi silabu ya konkire pamwamba pa mabimu, ndipo ili ndi masitepe ndi zogwirira za mapaipi. Idzaima panja pachinyezi, choncho yonse ikukaviikidwa m'zinki wosungunuka kuti isachite dzimbiri, motsatira muyezo wa ISO 1461. Zofiirazo ndazigawa mitundu 7: pamwamba pa mabimu a silabu pomwe adzawotchererepo masitadi a mitu (tizitsulo togwirizanitsa bimu ndi konkire), nsonga za zitsulo zodzawotcherera kusaiti, mabowo a mazinga a M16 (olowa bawuti ya mamilimita 16) pa mapuleti a mamota, masitadi a mazinga a M20 owotcherera pafulemu, bowo la bering'i, nkhope za mapuleti okumana pa mabawuti omanga mwamphamvu, ndi pomangira waya wa ethi.

Kulemba mzere wofiira papepala sikuvuta. Mavuto ali pa ulendo umene chotchingiracho chiyenera kuyenda limodzi ndi chitsulo. Chitsulo chikafika kufakitale chimayamba chamizidwa mu soda wa kositiki wotentha kuti mafuta achoke. Achitsuka, achiika mu asidi wa hydrochloric amene amadya dzimbiri ndi chikhungu chakuda chija chimabwera nacho kuchokera koyengera. Achitsukanso, achinyika mu flux wa zinc ammonium chloride, mankhwala othandiza zinki kugwira chitsulo, achiumitsa, ndiye chilowe mumphika wa zinki wotentha pafupifupi madigiri 450 a Celsius. Chotchingira chisasungunuke mu soda, asidi asachizembere kunsi, ndipo chikapsa m'zinkimo chisiye chikoko chokhalabe pamalo pake mpaka chitsulo chitavuulidwa. Zinki akangopeza chitsulo choyera, kaya mpata uchepe bwanji, amalowerera n'kusakanikirana nacho, ndipo miyalo ya aloyi imene amapanga pamenepo ndi yolimba kuposa chitsulo chili pansi pakecho. Simungaipale ndi mpeni, pamafunika grinder.

Pali china chimene mizere yofiira siinena. Fakitale imawerengera kulemera kwa katundu, ndiye malo otchingidwa timawalipira ngati aviikidwa, chonsecho abwerako ali pambalambanda. Zinki woyandikana amateteza chitsulo chosakutidwa ngati mpata wake ndi wa mamilimita ochepa chabe. Chigamba chachikulu chichita dzimbiri basi. Pamwamba pa apo pali kugula zotchingira, kupaka, kupala zikapsa, ndi penti wokonzera. Ndiye ndisanagule kanthu ndikufuna mndandandawu ufupike.

Lachitatu: takhala pansi ndi a injiniya

Tinali atatu ndi a zamagetsi, pulani ili pakati.

Za ethi zatha msanga. Zinki amadutsa magetsi, ndipo bola lagi, kachitsulo ka kunsonga kwa wayayo, ikhale pa zinki woyera kusiyana ndi pachitsulo chimene chidzachita dzimbiri kunsi kwake. A zamagetsi angopempha kuti pamalopo tidzasalaze timinga ta zinki ndi tupa.

Nkhope za mapuleti zatenga kanthawi. Pa malumikizo awa katundu amagwidwa ndi kukhulana kwa mapuleti opanikizana, ndipo a injiniya anawerengera chitsulo chosakutidwa, chimene chimagwirana kuposa zinki wosalala wongovuulidwa kumene. Ndinawafunsa kuti, "Nanga bambo, madzi akadzalowa pakati pa mapuletiwa, adzapentamo ndani?" Nsanja ikaima palibe adzamasulenso. Avomera kuwerengeranso ndi nambala yotsika ya nkhope za zinki, ndipo akuti pawonjezeka mabawuti awiri pa lumikizo lililonse. Ine mabawuti awiriwo ndawalandira ndi manja awiri.

Bowo la bering'i ndi la mamilimita 80, H7, ndiye kuti lingapitirire ndi ma micron 30 okha (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi). Pachitsulo chokhuthala kuposa mamilimita 6, ISO 1461 imafuna zinki wa ma micron 85 pa avareji, ndipo m'bowo amakhala uku ndi uku, 170. Kuviika osatchinga ndiye iwalani. Koma ngakhale titatchinga bwino chotani, kutentha sikutchingika. Chitsulo chowotcherera chikafika pa 450 chimamasuka m'kati n'kusuntha pang'ono, bowo lozungulira n'kubwerako litapotoka. Tagwirizana kuti nyumba ya bering'i ikhale yapayokha, yopenta, yomanga ndi mabawuti papuleti yoviikidwa. Mumphika siilowamo.

Nsonga zowotcherera kusaiti zambiri tazisintha kuti zikhale za mabawuti. Zatsala ziwiri, pamene masitepe akukumana ndi chitsulo chakale cha nyumba ya mapampu, poti muyeso weniweni wa pamenepo sunatengedwe. Izi titchinga mamilimita 50 kuchokera kunsonga. Zinki amawira pa madigiri 907, ndipo moto wowotcherera umapitirira pamenepo kutalitali. Umatulutsa utsi woyera wa zinc oxide umene munthu akaupuma masana, usiku amazizidwa n'kutentha thupi ngati wadwala malungo, komanso zinki wolowa mu weld amasiya timabowo, pena ming'alu.

Pamwamba pa mabimu titchinganso. Masitadi a mitu amawomberedwa ndi mfuti yake, ndipo imafuna chitsulo choyera. Ndinayesa kupempha kuti tiwawotchereretu tisanaviike, koma oimika zitsulo akana, ndipo sindikuwatsutsa: kuyenda pabimu yodzaza masitadi uli m'mwamba n'kuputa ngozi dala. Chabwino chake n'choti chitsulo cha pamenepa chidzakwiririka m'konkire, ndipo konkire payokha imateteza chitsulo ku dzimbiri. Tasiya mamilimita 25 m'mphepete monse kuti aviikidwe, chifukwa chinyezi chimazembera pomwe konkire yathera.

Lachisanu: masamu a mazinga

Mazinga ndiye afuna pepala ndi pensulo.

Mazinga a metric ali ndi ngodya ya madigiri 60. Chifukwa cha ngodya imeneyi, chilichonse chokuta m'mbali mwa mazinga chimakulitsa muyeso wapakati wa bawuti kanayi. Zinki wa ma micron 50, amene muyezo wa ISO 10684 umafuna pa avareji pa mabawuti oviikidwa, amakulitsa bawuti ndi mamilimita 0.2, pamene bawuti wamba ya M20 ya kalasi ya 6g mpata wake ndi ma micron 42 okha. N'chifukwa chake manati a mabawuti otere amaviikidwa opanda mazinga, mazinga n'kudulidwa pambuyo ndi tapu yokulirapo. Pa M20, kalasi ya nati yokulitsidwayi, 6AZ, imawonjezera mamilimita 0.35. M'kati mwa nati mumakhala mopanda zinki, koma zikamangana zinki wa pabawuti amateteza zonse ziwiri. Ndipo zonsezi zimatheka chifukwa mabawuti amaviikidwa m'basiketi, akangovuulidwa n'kuzunguzidwa mwaliwiro pamakina kuti zinki wotsala athothoke asanalimbe.

Fulemu ya mamita 4 ndani angaizunguze? Sitadi yowotcherera pafulemu ikhala mumphika nthawi yonse imene fulemuyo ikufuna, ituluka ndi zinki wa ma micron 85 kapena kuposa, wina ataundana m'ngalande za mazinga. Tikachulukitsa 85 kanayi tipeza 340. Pa mpata wa 6AZ wa ma micron 350 pangotsala 10, zoundanazo tisanaziwerengere. Ndipo chitsulo cha sitadi chikakhala ndi silicon wa pakati pa 0.04 ndi 0.14 peresenti, chigawo chija amachitchula ndi dzina la Sandelin, kapena wopitirira 0.25, zinki amakula mopyola muyeso, wotuwa ndi wokhakhala. Ndaitanitsa satifiketi ya masitadiwo.

Ena amaviika osatchinga, pambuyo n'kutenthetsa sitadi ndi moto wa gasi. Zinki amasungunuka pa 419.5, ndiye akafewa amamupala ndi burashi ya waya. Zimayenda, koma zinki wotsalayo amadalira dzanja la munthu, ndipo moto umawaula wozungulira. Ena amadutsitsa dayi yodulira mazinga, imene imadula zinki yense wa m'mbali mwa mazinga, ndiye phindu la kuviikako lili pati?

Njira imene ndakonda ndi yochotsa sitadi yeniyeniyo. Paliponse pamene dzanja lingafike kuseri, taboola bowo kuti padzalowe bawuti yoviikidwa ndi nati yake. Mwa masitadi 24, 16 asanduka mabawuti. Atsala 8 pachitsulo cha bokosi pomwe kuseri sikufikika.

Mabowo a M16, anayi anali osatulukira kuseri. Awa ndawakana kwamtuwagalu. Bowo logontha limasunga asidi ndi madzi, ndipo madzi akasanduka nthunzi amatupa pafupifupi ka 1,700; mumphika zimenezo ndi zinki wamoto wothovukira pa anthu. Tawatulutsira kuseri onse. Tiwaboola a mamilimita 14 opanda mazinga, aviikidwe choncho, akabwerako tidutsitse dirilo kenako tapu yokulirapo. Ndalembera oguula zinthu kuti asamale pa oda: ISO 10684 imalolanso njira ina, yochepetsa bawuti isanaviikidwe kuti ilowe mu nati wamba. Bawuti yochepetsedwayo ikakumana ndi bowo lokulitsidwa, mazinga amangogwirana kunsonga, ndipo amatha kusosoka pomanga.

Pa mitundu 7 ija yatsala 3: pamwamba pa mabimu, nsonga ziwiri za masitepe, ndi masitadi 8.

Lachiwiri: zidutswa zoyesera

A kufakitale avomera kutiviikira zidutswa zoyesera limodzi ndi katundu wa ena. A kapitawo awo pafoni anati, "Chilichonse mupake, mutiuziretu. Koma girisi ayi, atiwonongera thanki ya soda." Girisi wagwa asanalowe m'bwalo. Anachenjezanso kuti silikoni kapena penti wamafuta akadonthera pena, asidi samuchotsa, padzatuluka chigamba chakuda ndipo mlandu wake ndi wathu.

Tadula mapuleti a mamilimita 10, lililonse ndi masitadi ake a M20. Pathyathyathya tayesa tepi ya polyimide yopirira moto, penti wogula wotchingira zinki, ndi penti wamba wamafuta, poti m'modzi mwa anyamata analimbikira kuti komwe ankagwira kale ankapaka ameneyu. Pamasitadi tayesa tepi, silikoni wa m'chubu, penti wotchingira uja, ndi nati wamba yongomangapo. Manambala tadinda ndi panchi. Maka ya penti ikanasiya zilembo zakezo zili zigamba zopanda zinki.

Silikoni amauma kuyambira kunja, mamilimita awiri kapena atatu patsiku, ndiye wokhuthala amanamiza: kunja gwa, m'kati muli mofewa. Zidutswa zidikira mpaka chikhadabo chitasiya kulowa.

Lolemba: zidutswa zabwerako

Penti wamba wachita manyazi. Soda anamudya mwa apo ndi apo, ndiye padatuluka mawanga, pena zinki, pena chikoko chakuda bii, malire osadziwika. Pamenepa sungawotcherere, sunganenenso kuti paviikidwa. Mnyamata uja wachitembenuza chidutswacho kawiri n'kuchiika pansi osayankhula.

Tepi pathyathyathya yagwira pakati. Yada n'kuuma moti imangophwanyika ukaikhudza. M'mphepete ndiye inatukuka, zinki n'kulowa kunsi mamilimita angapo, pomwe walimbira watupa ngati kamlomo. Pasitadi yalephereratu, ndipo ukayang'anitsitsa chifukwa chake chikuoneka. Tepi imakhala pansonga za mazinga, kunsi kwake n'kutsala kangalande kozungulira kuchokera pansi mpaka pamwamba. Asidi anadutsa momwemo n'kuyeretsa njira, flux anatsata, zinki n'kubwera pambuyo pawo. Mazinga atatu oyambirira adzaza ndithu.

Nati ndiyo inandidabwitsa kuuma kwake. Sipanala yaitali, anthu awiri, osasuntha. Titaitenthetsa ndi gasi inalira kamodzi n'kumasuka. Kunsi kwake mazinga a mbali zonse ziwiri anali atamatana ndi zinki, apakati ali akuda, onyowa ndi zotsalira za flux. Pofika m'mawa madzi a dzimbiri anali atayenderera pa zinki watsopano wa papuleti. Njira imeneyi anthu amaikonda poti ndi yachangu, koma yachita zoipa ziwiri nthawi imodzi: zinki walowa, asidi watsekeredwa.

Silikoni watuluka ali chikoko chotuwa mbuu, chotupa pang'ono, chofumbutuka ukachikanikiza ndi chala chachikulu. Burashi ya waya itadutsa kangapo mazinga anaonekera akuthwa monga analili, ndipo nati wamba inatsika ndi zala mpaka pansi. Kunsonga kwa sitadi ina, komwe silikoni anali wopyapyala, kunamatirira kamkanda ka zinki. Chofunika kwambiri ndachiona m'tsinde mwa sitadi. Pomwe chala chinasalaza silikoni n'kukhudza puleti, padatsala mkombero wopanda zinki wokula kuposa mmene tinkafunira, ngakhale kuti popaka panalibe chooneka ndi maso. Utoto wa chala chokha wakwanira kukaniza zinki. Apa ndi pamene ndamvetsa kudandaula kwa a kapitawo aja.

Penti wogula wapambana pathyathyathya. Pomwe tinapaka makoti awiri, malire ali chiwongokere, ndipo chotsala ndi fumbi longosesa ndi burashi. Pomwe panali koti imodzi pamera timadontho ta zinki tambirimbiri. Pasitadi wagwira m'ngalande koma pansonga za mazinga wathawa, monga penti aliyense amachitira pakuthwa.

Tasankha: penti pamabimu ndi pansonga za masitepe, silikoni pamasitadi. Tepi itsala ya malire okha popaka, n'kumatulidwa katundu asananyamuke.

Zidutswazi zaonetsanso kuti kunsi kwa chotchingira asidi safikako, ndiye chikhungu chakuda cha koyengera chikadalipo mmene chinalili. Mfuti ya masitadi sichifuna chimenecho. Tipale ndi grinder tisanapake, kuti katundu akabwerako pangotsala kusesa.

Lachinayi: kutchinga kwenikweni

Kuwotcherera konse kwatha tisanatsegule chitini. Makoko a ndodo zowotcherera tagogoda onse, poti asidi sawadya, ndipo mankhwala opopera oletsa timadontho ta weld tagwiritsa ntchito opanda silikoni. Mizere ya pamabimu tapala mpaka mbee, tapukuta ndi thina, tamata tepi ya malire, koti yoyamba motsata bimu, itauma yachiwiri mopingasa. Tepi tamatula penti akadali wofewa kuti isang'ambe m'mphepete.

Masitadi tawasiyira kumapeto, pakona payekha, munthu m'modzi. Sitadi iliyonse taiveka pepala lobooka pakati lophimba puleti. Silikoni woyamba talowetsa m'ngalande za mazinga ndi kaburashi kolimba, wachiwiri takuta pamwamba mamilimita atatu, nsonga n'kuiphimba bwino. Wopakayo amasintha magolovesi asanagwire chitsulo china chilichonse, ndipo anzake ndawauza kuti akafuna kuthandiza athandize ndi maso. Paulendo masitadi avala timachubu ta katoni, tolembedwa kuti tichotsedwe katundu asanalowe mu soda.

Kenako a kapitawo athu atenga waya n'kuyenda nsanja yonse, kupisa bowo lililonse lotulutsira mpweya, pamapaipi a zogwirira ndi pazitsulo za bokosi. Bowo limodzi lili pafupi kwambiri ndi sitadi, ndipo silikoni akanangolitseka, bokosilo likanalowa mumphika lili lotsekeka ndi chinyezi chake m'kati. Lapezeka lotseguka. Iwo alipisabe kawiri.

Chomaliza ndi kalata. ISO 1461 imati malo opanda zinki oyenera kukonzedwa asapitirire 10 cm² pamalo amodzi, ndipo onse pamodzi asapitirire 0.5 peresenti ya chitsulo chonse; kupitirira apo chitsulo chibwerere mumphika pokhapokha ngati eni ake agwirizana zina. Woyendera wa kufakitale ataona mzere wakuda kutalika kwa bimu yonse, osadziwa kuti ndi wadala, akhoza kuibweza mu asidi n'kuiviikanso, ntchito yathu yonse n'kupita m'madzi. Ndiye katundu wapita ndi pulani yosainidwa yoonetsa malo otchingidwa, dzina la chopakacho, ndi pempho loti matcheni asakulungidwe podutsa pamizereyo.

Lachitatu: katundu wabwerako

Geji ya maginito yoyezera kukhuthala kwa zinki yapitirira ma micron 85 pamabimu ndi pamizati ponse pomwe tayeza. Pa ma weld zinki ndi wokhuthala ndi wotuwirapo, chifukwa waya wowotcherera umakhala ndi silicon wambiri kuposa chitsulo chozungulira. Palibe vuto pamenepo.

Mizere ya pamabimu yatuluka bwino, malire owongoka, timizere ta mamilimita 25 tonyezimira m'mbali. Pabimu imodzi tcheni linakhula penti pafupi ndi kunsonga, pamera chigamba cha zinki chokula ngati chikhatho cha mwana. Grinder yachichotsa, koma panafunika kupala mpaka kudutsa aloyi. Zinki wonyezimira wapamwamba amachoka msanga n'kukunamiza kuti wafika, chonsecho kunsi kukadali muyalo wotuwa. Chizindikiro ndi nthethe: zinki satulutsa nthethe zenizeni, ndiye zikayamba kuthetheka zachikasu, wafika pachitsulo.

Masitadi 7 angofuna burashi. Pa yachisanu ndi chitatu chikoko chinathyoka kunsonga, zinki n'kugwira mazinga atatu apamwamba. Moto wa gasi pang'ono ndi burashi, nati yadutsa. Ndikaika pamodzi nthawi imene masitadi 8 atidyera, kupaka, kudikira, kupala, n'kuiyerekeza ndi mabowo 16 aja amene tangodutsitsa dirilo kuchotsa timinga, ndikanakonda bokosilo likanajambulidwa ndi pofikira dzanja kuseri. Ndalemba zimenezi pa pulani ya a injiniya, mwina nsanja ina idzapindula.

Mabowo a M16 abwerako ocheperako, monga tinayembekezera. Dirilo kaye, kenako tapu. Zinki ndi wofewa ndipo amamatirira m'mano a tapu, ndiye tikumalowa pang'ono n'kubwerera kuyeretsa. Mabawuti oviikidwa akulowa ndi zala.

Dzimbiri silinachedwe. Usiku umodzi wokha, mizere yosakutidwa yagwira kale kautoto kachikasu. Masitadi tawapaka mafuta pang'ono n'kuwaveka tizivindikiro. Mabimu mafuta ayi, chifukwa mfuti ya masitadi ndi konkire zonse sizigwirizana nawo. Kadzimbiri ka pamwambako tidzapala tsiku lowombera, ndipo masitadi oyamba adzapindidwa ndi hamala kuti tione ngati agwira. Katundu tamusanja pamatabwa, mopendekeka, mpweya ukudutsa pakati. Zinki watsopano akagundana pachinyezi amachita dzimbiri lake loyera.

Lachisanu: penti wokonzera

Malo amene adzatsale panja opanda zinki tsopano ndi ochepa: ma weld awiri a masitepe, ndi mazinga a masitadi otsala pamwamba pa manati. ISO 1461 imafuna kuti pokonzedwa pakhale ma micron osachepera 100 ngati palibe mgwirizano wina. Timachitini topopera tonyezimira tija ndatikana. Timafanana maonekedwe ndi zinki watsopano, n'chifukwa chake anthu amatikonda, koma koti yake ndi yopyapyala ndipo tambiri kunyezimirako n'kwa aluminiyamu. Tisankha penti wopaka ndi burashi wodzaza ufa wa zinki, wotuwa, wolemera m'chitini, wofuna kutakasa pafupipafupi chifukwa ufawo umakhazikika pansi. Weld ikazizira tidzapala mpaka mbee, kulowerera pang'ono pa zinki wabwinobwino wa m'mbali, n'kupaka makoti angapo, geji ikuyeza iliyonse ikauma. Pepala la pentiyo lili kwa a injiniya kuti asaine.

Thiraki yoyamba itenga mizati, mabimu ndi fulemu ya mapampu. Masitepe atsalira kaye mpaka muyeso wa chitsulo chakale utabwera. Ukapezeka kuti ukufuna kudulako nsonga kopitirira mamilimita 20, malo otchingidwa otsala sakwanira, ndiye zinki tidzamupalire konkuno pabenchi, masitepe asanakwere m'mwamba.